Disjuntor ya Kukhitchini Ikamagwa Kawirikawiri

Mwezi uno tsamba lathu la za pakhomo litilowetse kukhitchini, pakuti kumeneko ndi kumene magetsi amasenza katundu wolemera koposa m'nyumba monse, ndiponso ndi kumene amatichititsa manyazi kawirikawiri pamaso pa alendo.

Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amayi a Chigwirizano anasonkhana kunyumba ya abusa kuno ku Chifunde kudzakonzera alendo chakudya. Nsima ndi nyemba zinali panja pamafuwa monga mwa masiku onse, koma tiyi, mpunga ndi nkhuku anati aphikire m'nyumba pa magetsi kuti zifulumire. Lisanathe ola limodzi magetsi a kukhitchini anazima katatu. Nthawi iliyonse mnyamata wa pakhomopo ankathamangira ku kabokosi ka pakhoma, kamene amisiri amati quadro, n'kukweza kaswichi kamene kagwa. Ntchito inkapitirira kwa kanthawi, kenaka zii. Pamene ndinkafika ndinapeza mkulu wina wa mpingo, munthu wofatsa ndi wanzeru pa zinthu zambiri, atanyamula mphira wa chubu cha njinga kuti amange kaswichiko kasagwenso.

Ndinati, "Akulu, tabayikani pansi mphirawo, timve kaye chimene kakudandaula."

Iwo anaseka nati, "Kodi chitsulo nachonso chimadandaula?"

Chimadandaula ndithu, ndipo makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kaswichi kameneka kuno kwathu timakatcha disjuntor, pamene abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia amati breaker. Ntchito yake ndiyo kudula magetsi waya wa m'khoma asanatenthe kufikira poyatsa moto. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi, zimene zimafutukuka mosiyana zikamva kutentha. Magetsi akachuluka kachitsuloko kamatentha, kamapindika pang'onopang'ono, mpaka kamakankha kambedza kogwira swichi. Mulinso kawaya kokulungidwa kamene kamasanduka maginito magetsi akabwera ochuluka zedi mwadzidzidzi, ndipo ameneyu sadikira, amadula m'kuphethira kwa diso. Luso lophatikiza ziwirizi m'kabokosi kamodzi analilembetsa Hugo Stotz wa ku Mannheim m'dziko la Germany m'chaka cha 1924, kuti anthu aleke kusintha fyuzi nthawi iliyonse ikapsa. Kumanga ndi mphira sikukanawathandiza akulu aja, chifukwa opanga anatiganizira kale anthu ngati ife: ngakhale mutapanikiza chogwirira chake ndi chala, m'katimo imadula basi. Choopsa chenicheni ndi china, ndipo tifikako.

Poyamba tichotse mlandu pamene sukuyenera kukhala. Magetsi akazima timafulumira kudzudzula a EDM, ena n'kumaseka kuti kodi Cahora Bassa yauma. Damu la ku Songo lili ndi makina a mphamvu zokwana 2,075 MW, ndipo gawo lalikulu limayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo pafupi ndi Johannesburg. Ketulo yanu singalitopetse. Tulukani panja muone. Ngati kwa anansi kukuwala, ndipo babu la kuchipinda kwanu likuyaka pamene kukhitchini kokha kwada, nkhaniyo ndi ya m'nyumba mwanu, ndipo mwini wake ndinu. Onaninso mita yanu ya Credelec, chifukwa mwina mayunitsi ndiwo atha, komanso mita zambiri zolipiriratu zimadula zokha pamene nyumba yakoka mphamvu zopitirira muyeso umene inaloledwa, n'kudzabwezeretsa pakapita kanthawi. Zikatero mu quadro simukhala kaswichi kogwa.

Ngati kaswichi kagwadi, funso lothandiza koposa ndi lakuti kagwa liti, ndipo kagwa motani. Yankho lake ndilo limalekanitsa matenda, monga momwe dokotala amafunsira ngati mutu umawawa m'mawa kapena madzulo.

Kunyumba ya abusa kuja kankagwa patapita mphindi khumi kapena kupitirirapo, popanda kuphulika, popanda fungo. Kumeneku ndi kulemedwa. Ndinapempha amayi busa kuti andilole nditembenuze ziwiya zonse ndi kuwerenga timapepala kapena zolemba zimene zimakhala kunsi kapena kumbuyo kwake. Ketulo inalembedwa 2,000 W. Hotipuleti ya mbale ziwiri inali 2,500 W, mphika wa mpunga 700 W, firiji 150 W. Kuphatikiza zonse ndi 5,350 W. Magetsi a m'nyumba za kuno ndi a 220 V, ndipo mukagawa mawati ndi mavoti mumapeza maampere: 5,350 kugawa ndi 220 ndi 24 A ndi kakusefukira. Pa disjuntor panalembedwa C16, kutanthauza 16 A, imene malire ake ndi pafupifupi 3,500 W. Masamu ake mwana wa sukulu ya pulayimale akhoza kukuchitirani. Chimene ambiri sitizindikira ndi chakuti chiwiya chilichonse chotenthetsa ndicho chidyamagetsi. Ketulo imodzi imakoka 9 A, kuposa mababu onse, wailesi yakanema ndi machaja a mafoni a pakhomo ponse pamodzi. Ayironi siili kutali ndi ketulo. Firiji imene timaikayikira chifukwa cha ukulu wake imadya pang'ono ikamayenda.

Wina adzafunsa kuti, nanga bwanji masiku ena ndimayatsa zomwezo koma siigwa? Chifukwa chake ndi kachitsulo kopindika kaja, kamene kamafuna nthawi kuti katenthe. Malamulo a kapangidwe ka madisjuntor a m'nyumba amati imodzi ya 16 A ipirire 18 A kwa ola lathunthu osagwa, koma pa 23 A igwe lisanathe ola. Ketulo ya banja imawira m'mphindi zochepa n'kuzima kachitsuloko kasanapindike. Ketulo ya alendo makumi anayi imawiritsidwa mobwerezabwereza. Kuwonjezera apo, muyeso wolembedwawo amauyesa pa kutentha kwa madigiri 30. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i kuno ku Tete, quadro imakhala yofunda kale musanayatse kanthu, motero disjuntor imagwa msanga kusiyana ndi mu Juni. Ndipo mukaikweza isanazizire imagwanso mofulumira kuposa poyamba, n'chifukwa chake mnyamata uja ulendo wachitatu sanafike n'komwe pampando wake.

Apa ndi pamene pamabwera yesero lija ndinati tifikako. Mupita ku sitolo, mufotokoza vuto lanu, ndipo wogulitsa akuuzani kuti gulani ya 32 A, imeneyi siigwa. Akunena zoona, siigwa. Komatu kukula kwa disjuntor sikuyesedwa ndi ziwiya zimene mukufuna kuyatsa, kumayesedwa ndi waya amene ali m'khoma. Masoketi amayalidwa ndi waya wa 2.5 mm², amene akadutsa m'paipi m'khoma amanyamula bwino maampere 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Mababu amayalidwa ndi wa 1.5 mm² pa disjuntor ya 10 A. Chitofu chachikulu chokhala ndi uvuni chimafuna mzere wakewake, kawirikawiri wa 6 mm² pa 32 A. Mukaika ya 32 A pa waya wa masoketi, mwalola kuti wayayo asenze 36 A kwa ola lonse popanda womuletsa. Ndipo kutentha kwa waya sikukwera molingana ndi magetsi: magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Pulasitiki wokuta wayayo amafewa, amauma, amasweka, ndipo zonsezi zimachitika kumene diso silifika, m'khoma kapena m'denga pakati pa mitengo youma ndi zisa za makoswe. Ena amachita choipa koposa, amalumpha disjuntor ndi kachidutswa ka waya. Ameneyo wapha galu chifukwa chouwa usiku.

Ndisapitirire ndisanatchule ekisitenshoni. Kunyumba kuja ketulo, mphika wa mpunga ndi hotipuleti zonse zinali pa ekisitenshoni imodzi ya mabowo asanu, ndipo nditaigwira inali yotentha, pulasitiki wake atayamba kusintha mtundu mozungulira bowo limodzi. Zambiri zotsika mtengo za pamsika zili ndi tiwaya toonda m'kati, toyenera wailesi ndi foni basi. Disjuntor ya 16 A siidziwa kuti kunja kwa soketi kuli waya woonda. Ekisitenshoni ikhoza kusungunuka iyo ili chilili. Chiwiya chotenthetsa chilowe m'soketi ya pakhoma mwachindunji.

Kugwa kwachiwiri n'kosavuta kukuzindikira. Mungolowetsa pulagi kapena kuyatsa swichi, pomwepo phwa, mwina ndi kuthetheka ndi mwaye pa soketi. Apo mawaya awiri akhudzana penapake, ndipo maginito aja ndiwo agwira ntchito. Kawirikawiri mlandu umapezeka pa chingwe cha ayironi chimene chaperepeseka polowera, pa chingwe cha hotipuleti chimene chinagunda mbale yotentha, pa waya wotafunidwa ndi khoswe kuseri kwa firiji, kapena m'soketi imene nyerere ndi mphemvu zamangamo. Zulani chiwiya chimene munayatsacho, kwezani disjuntor kamodzi. Ikakhala, chiwiyacho chisagwirenso ntchito kufikira mmisiri atachiona. Ikagwanso zonse zili zozula, vuto lili m'mawaya a nyumba. Isiyeni pansi choncho, ndipo musamaikankhe kachitatu ndi kachinayi, chifukwa kukankha kulikonse kumaotcha pamalo povulalapo ndiponso kumadya mano a disjuntor.

Kugwa kwachitatu ndiko kumazunguza mitu, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mu quadro ya nyumba yoyalidwa bwino mumakhala kaswichi kena kokulirapo, kokhala ndi batani lolembedwa T, ndiponso polembedwa 30 mA kapena 0.03 A. Amisiri a kuno amati diferencial. Iyi siiyesa kuchuluka kwa katundu. Imayerekeza magetsi amene akulowa ndi amene akubwerera, ndipo ikaona kuti ena asochera panjira imadula, chifukwa njira yosocherayo ikhoza kukhala thupi la munthu. Milliampere ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a ampere, motero 30 mA ndi kanthu kochepa kuwirikiza kupitirira ka 500 poyerekeza ndi 16 A. Koma magetsi opitirira apo akadutsa pachifuwa amatha kusokoneza kugunda kwa mtima, pamene disjuntor wamba sangamve kanthu. Chitetezo chimenechi chili ndi mbiri imene imatikhudza: m'zaka za m'ma 1950 katswiri wina dzina lake Henri Rubin anakonza chipangizo chotere ku South Africa chifukwa cha ngozi za magetsi m'migodi ya golide, migodi yomwe ija imene agogo athu ambiri a ku Mozambique ndi ku Malawi anatsikamo.

Diferencial imagwa pa nthawi zosadziwika: pakati pa usiku, mvula ikagwa, kapena mutangokolopa. Wopalamula kawirikawiri ndi elementi ya chiwiya chotenthetsa. M'kati mwa elementi ya ketulo, ya uvuni kapena ya hotipuleti, kawaya kotentha kamazunguliridwa ndi ufa woyera umene umakalekanitsa ndi chitsulo cha kunja. Ufa umenewu umayamwa chinyezi. Elementi ikang'aluka pang'ono, kapena chitofu chikakhala miyezi osayatsidwa nyengo ya dzinja, kapena phala likasefukira n'kulowa pansi pa mbale, magetsi amayamba kudontha kupita ku chitsulo. Ketulo yotsukidwa pomiza m'beseni imachita chimodzimodzi. Mafiriji amene amasungunula okha ayezi ali ndi elementi yaing'ono imene imayaka pakapita maola angapo, ndipo ikawonongeka ndiyo imadzutsa banja mu mdima popanda amene wayatsa kanthu.

Palinso chinthu china chimene chimanamiza ofufuza. Diferencial ya 30 mA imaloledwa kugwa paliponse kuyambira pa 15 mA, ndipo ziwiya zambiri, ngakhale zabwinobwino, zimadontha pang'ono. Firiji yakale ikadontha pang'ono, hotipuleti pang'ono, soketi yachinyezi ya pafupi ndi sinki pang'ono, zonsezi zimaphatikizana. Tsono ketulo imene mwayatsa pomaliza ndiyo imaoneka yolakwa, chonsecho yangodzazitsa chikho chimene chinali pafupi kusefukira.

Pofufuza chitani motere, ndi manja ouma, nsapato kuphazi, tochi m'manja. Zulani mapulagi onse a kukhitchini. Ndati zulani, osati kungozimitsa swichi, pakuti swichi zambiri zimadula waya mmodzi yekha, pamene waya wabuluu wobwerera amakhala wolumikizidwabe, ndipo kudontha kwa pa iyeyo kumagwetsa diferencial ngakhale chiwiya chili chozimitsa. Kwezani kaswichi. Bwezerani chiwiya chimodzi, chiyatseni chigwire ntchito yake yeniyeni kwa kanthawi, kenaka chizuleni musanayese chinzake. Chikagwetsa chili chokha, mwachipeza. Ngati palibe chimene chagwetsa chili chokha, yambani kuziphatikiza ziwiriziwiri. Pa vuto lobwera mwa apo ndi apo, lembani pa kalendala ya pakhoma tsiku, nthawi, zimene zinali zoyaka ndi momwe kunja kunalili. Pakatha sabata ziwiri mudzaona nokha kachitidwe kake, ndipo mmisiri akabwera sadzayamba mu mdima. Mmisiri wodziwa ntchito amakhala ndi chipangizo choyezera chimene amati megger, chimene chimaonetsa kudontha kosaoneka ndi maso. Amene wabwera ndi sukurudiraiva yokha n'kunena kuti tichotse diferencial chifukwa imavuta, mumuthokoze ndi kumuperekeza.

Ife a ku Chifunde tili ndi vuto lina lobwera ndi malire. Masoketi ambiri a kuno ndi a mano awiri obulungira, okhala ndi tizitsulo m'mbali tolumikiza waya wopita m'nthaka, uja wobiriwira ndi wachikasu amene amisiri amati terra. Koma ziwiya zathu zambiri zimalowera pa Cassacatiza kuchokera ku Katete ndi ku Chipata, zina zimachokera ku Lilongwe, ndipo zimabwera ndi pulagi ya mano atatu aphwatalala yokhala ndi fyuzi m'kati. Za ana athu a ku Joni zimabwera ndi mano atatu aakulu obulungira. Pulagi ikakana kulowa timagula adaputa ya mano awiri, kapena timadula pulagiyo n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi ndi timitengo ta machesi, waya wa terra ali lende panja. Ketulo imawira ndithu. Koma tsiku limene elementi idzadonthe, magetsiwo adzasowa njira yopitira m'nthaka, ndipo adzadikira pa chitsulo cha ketuloyo mpaka abwere munthu wa manja onyowa, woponda pa simenti wopanda nsapato. Pulagi yoyenera ya kuno, yolumikizidwa mawaya onse atatu, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ketuloyo. Ndipo ngati firiji kapena chitofu chanu chimaluma mukachikhudza, musazolowere n'kumachenjeza ana kuti azitsekula ndi nsalu. Chizuleni lero lomwe. Nyumba zambiri zoyalidwa mwachangu zilibe diferencial kapena terra yokhomedwa pansi. Tsekulani chivindikiro cha kunja cha quadro yanu muone ngati batani la T lilipo. Ngati lilipo, lidinikeni miyezi itatu iliyonse, ndipo magetsi azime pomwepo. Akapanda kuzima, chipangizocho chafa ngakhale chikuoneka chamoyo.

Za firiji ndiwonjezere mawu awiri. Injini yake poyamba kuzungulira imakoka magetsi owirikiza kangapo kwa kamphindi, ndipo imavutika kwambiri magetsi akangozima n'kubweranso nthawi yomweyo, kapena madzulo pamene mphamvu yatsika mababu ali mbuu. Magetsi akazima izuleni, ndipo akabwera dikirani mphindi zisanu musanaibwezere.

Nthawi zina, inde, wolakwa amakhala disjuntor mwiniwake. Sukuruu yogwira waya ikakhwepa pamatentha, kutenthako n'kulowa m'kachitsulo kaja, ndipo imagwa pa katundu wopepuka. Zizindikiro zake ndi kufunda kwa kaswichi kamodzi pakati pa anzake ozizira, kulira kwa tsetsetse, kapena fungo la pulasitiki wopserera. Izi si za mwini nyumba kukonza. Kuseri kwa chivindikiro cha m'kati kuli mawaya ochokera ku mita amene amakhala amoyo ngakhale swichi yaikulu ili pansi. Itanani mmisiri, ndipo akasintha aike ya muyeso womwewo. Aliyense wa pakhomo, ngakhale ana okulirapo, adziwe pamene pali swichi yaikulu, chifukwa moto wa magetsi sathirapo madzi, ndipo munthu wogwidwa ndi magetsi samukoka ndi manja: amayamba adula magetsi, zikalephereka amamukankha ndi mtengo wouma.

Tsiku lija kunyumba ya abusa tinasamutsira ketulo pa soketi ya pabalaza, imene inali pa disjuntor ina. Mpunga unapita pa mbaula ya makala, ndipo amayi ena anati umakoma bwino pamenepo kale. Hotipuleti inalowa m'soketi ya pakhoma, ekisitenshoni yopserera ija tinaidula chingwe kuti wina asadzaitole. Alendo anadya pa nthawi yake. Pambuyo pake akulu a mpingo anasonkha ndalama, mmisiri anayala mzere wapadera wa hotipuleti ndi kukhoma chitsulo cha terra kuseri kwa nyumba.

Mu Januwale, mvula ili pakati, amayi busa ananditumizira uthenga kuti zayambanso. Ndinafunsa kuti kagwa n'kati, nayankha kuti kokhala ndi batani. Anazula zonse monga tinapanganira, nabwezera chimodzichimodzi. Ketulo inalibe mlandu, firiji inalibenso. Atayatsa mbale ya kumanzere ya hotipuleti, zii. Mmisiri atatsekula anapeza mng'alu pansi pa mbaleyo ndi zotsalira za phala louma. Anasintha mbale imodziyo, ndipo mkulu uja mphira wake anakamangira thumba la chimanga pa njinga.